Stout yanga ikumveka phulusa: ndachulutsa chimera chokazinga kapena vuto ndi madzi?

Kambuzi:

Moni nonse. Ndithandizeni nzeru pa stout, mowa wakuda uja, imene ndafulula ndipo ili m'chigubu panopa, ndisanaithire m'mabotolo. Yisiti yamaliza ntchito yake, mtundu uli bii monga ndinkafunira, thovu likubwera labulawuni. Koma ukalawa ikumveka phulusa, kumapeto kwake kuli kakuwawasa, ndipo mkamwa mukutsala mouma gwa ngati wadya nthochi yosapsa. Kafungo ka khofi kalipo koma kakwiririka ndi kupserera.

Pa malita 20 ndinathira izi:

pale malt (chimera choyera cha balere), makilogalamu 4.5
black malt, magalamu 400
chocolate malt, magalamu 300
balere wokazinga, magalamu 300
hops (maluwa owawitsa mowa) wa Southern Star, alpha (mphamvu yake yowawitsa) 13 peresenti, magalamu 40, anawira mphindi 60
yisiti ya S-04

Zokazinga zitatuzo ndinazigaya mu blender mpaka kukhala ufa, n'kuziphatikiza ndi chimera chinacho m'thumba kuyambira pachiyambi. Phala, ndiye kuti chimera choviikidwa m'madzi otentha, linakhala ola limodzi pa madigiri 66. Madzi ndi osefedwa ndi makina a RO ochotsa mchere m'madzi, aja timagula m'mashopu odzazitsa zigubu kuno ku Johannesburg. Ndinathiramo gypsum magalamu 5 ndi lactic acid mamililita 3, monga ndimachitira ndikamafulula pale ale. Nditaziziritsa timadzi toyezera, pH ya phala (nambala imene imatsika asidi akachuluka) inali 5.1. Potsukuluza thumba ndinathira madzi a madigiri 82. Hydrometer, choyezera shuga wa mu mowa, inayamba pa 1.058, tsopano yaima pa 1.016.

Kodi cholakwika chachikulu chili pati? Zokazingazi zilowe m'phala kapena ndiziziviika padera? Ndipo malita 20 amenewa angapulumuke, kapena ndingoiwalako?

Mfuluzi:

A Kambuzi, tiyambire pa sikelo, chifukwa zambiri zathera pomwepo. Mwathira kilogalamu yathunthu ya zokazinga m'makilogalamu 5.5, kutanthauza 18 peresenti. Stout ya mphamvu ngati yanuyi imakwana ndi 8 mpaka 10 peresenti, zokazinga zonse titaziphatikiza pamodzi. Ngakhale imperial stout, imene imayambira pa 1.075 kukwera ndipo imakhala ndi shuga wotsala wambiri wophimba kuwawa, kawirikawiri sidutsa 15 peresenti.

Komanso zitatu mwathirazo sizigwira ntchito imodzi, ngakhale m'dzanja zonse zimaoneka zakuda.

Black malt ndi chimera cha balere chimene chakazingidwa mu dramu yozungulira pa madigiri 220 mpaka 230, kutsala pang'ono kuti njere isanduke khala. Ena amachitchula black patent chifukwa Daniel Wheeler analembetsa njira yokazingira imeneyi ku England mu 1817, ndipo ofulula porter ku London anaikonda chifukwa pang'ono chabe pa chimera chimenechi pamadetsa mowa wambiri. Mtundu wake umakhala 500 mpaka 600 pa muyeso wa Lovibond. Ntchito yake ndi yomweyo mpaka lero, kudetsa. Pa malita 20 magalamu 50 mpaka 150 ndi okwanira. Phulusa limene mukulimvalo ndi magalamu 400 amenewo.

Chocolate malt ndi chimera chomwecho koma chophulidwa msanga, 350 mpaka 450 Lovibond. Mulibe chokoleti, dzinalo ndi la mtundu wake, koma chimapereka kakomedwe ka koko wowawa ndi khofi wofatsa. Mukhoza kufika 5 kapena 6 peresenti popanda vuto. Pali china chocheperako mphamvu chotchedwa pale chocolate, cha 200 mpaka 250, chimene ine ndimachiona kuti n'chabwino koposa kwa munthu wofuna fungo lambiri popanda kukanda pakhosi.

Balere wokazinga si chimera ayi, njere zake sizinamere, anangozikazinga zili zouma. Ndiye amapereka khofi wouma uja wa Irish stout, komanso thovu lake limayera kuposa la black malt. Dry stout yodziwika imangokhala 70 peresenti pale malt, 20 peresenti flaked barley, 10 peresenti balere wokazinga, basi. Pa malita 20 ndi makilogalamu 2.9, magalamu 800 ndi magalamu 400, ndipo hydrometer imayamba cha pa 1.042.

Muziwerenga pathumba. Makampani a ku Ulaya amalemba mtundu wa chimera pa muyeso wa EBC, a ku America amalemba Lovibond, ndipo nambala ya EBC imaposa ya Lovibond pafupifupi kawiri ndi theka. Chocolate malt cha Crisp, cha Simpsons ndi cha Briess sichifanana mtundu, ndiye muyeso umene munaukopera kwa wina ukhoza kukupatsani mowa wina ngati chimera chanu ndi cha kampani ina.

Mtundu mukhoza kuuwerengeratu musanayatse moto. Makilogalamu a chimera chilichonse muchulukitse ndi Lovibond yake, muphatikize zonse, muchulukitse ndi 8.35, mugawe ndi malita. Zanuzi zikupereka pafupifupi 210. Mukaiika nambala imeneyi m'njira ya Morey, imene mapulogalamu ambiri ofululira mowa amagwiritsa ntchito, ikutuluka cha m'ma 58 pa SRM, muyeso wa mtundu wa mowa. Mowa umaoneka wakuda bii m'tambula ukangodutsa 30 kapena 35. Zonse zopitirira apo diso silinazione, lilime lokha ndi limene lazimva.

Ulendo wina yesani chonchi, mphamvu yake ikhala pafupifupi yomweyo:

pale malt, makilogalamu 4.4
flaked oats kapena flaked barley (njere zosamera zophwathalitsidwa), magalamu 400
crystal 60 (chimera chotsekemera cha 60 Lovibond), magalamu 300
balere wokazinga, magalamu 300
chocolate malt, magalamu 200

Zokazinga zatsika kufika 9 peresenti, mtundu uli cha pa 37 SRM, black malt yachokeratu. Crystal ndi oats zikubweretsa thupi ndi katsekemera komwe mowa wanu ulibe. M'muyeso wanu munalibe chilichonse pakati pa chimera choyera ndi chakuda, n'chifukwa chake kuwawa kulibe chokutchinga.

Hops nayenso mwachulutsa. Magalamu 40 a alpha 13 peresenti owira ola lathunthu akupereka IBU, muyeso wa kuwawa kwa hops, yopitirira 50. Chimera chokazinga chili ndi kuwawa kwakekwake komwe nambala ya IBU sikuwerenga. Tsitsani kufika magalamu 25, mukhale cha pa 35.

Za 1.016 musadandaule nazo. Zimene zimasungunuka kuchokera m'njere zokazinga yisiti siidya zambiri, ndiye mowa wakuda umaima pamwambako kusiyana ndi pale ale. Ngati nambalayo sinasunthe masiku atatu otsatizana, yamaliza.

Mayi Thovu:

Zimene anena a Mfuluzi ndi zoona, koma kakuwawasa kaja sikuchokera pa sikelo yokha. Ndi madzi.

Chimera chokazinga chili ndi asidi. Pale malt yokha mukaiviika m'madzi opanda mchere uliwonse, pH imakhazikika cha pa 5.6 kapena 5.7. Black malt kapena balere wokazinga payekha amatsika kufika cha pa 4.6. Ndiye m'phala la mowa wakuda zokazingazo zimakokera pH pansi zokha. Inu munatenga madzi a RO, amene alibe bicarbonate yoti ilimbane ndi asidi ameneyu, munathiramo gypsum, amene kashiamu wake amatsitsanso pH, n'kuwonjezeranso lactic acid. Zinthu zitatu kukokera mbali imodzi. Muyeso umenewo ndi woyenera pale ale, chifukwa kumeneko palibe chokazinga chothandiza kutsitsa. Pa stout, asidiyo musamuthire n'komwe.

Phala la mowa wakuda limakoma likakhala pa 5.4 mpaka 5.6, mutayeza timadzi tozizira. Pa 5.1 mowa umatuluka wopyapyala, wowawasa, ndipo khofi uja amamveka ngati wapserera. Ambiri amati n'chifukwa chake porter ndi stout zinakula ku London ndi ku Dublin, ndipo mowa wakuda wa dunkel ku Munich, malo amene madzi ake ambiri anali ndi bicarbonate wokwanira kuyamwa asidi wa chimera chakuda.

Chokwezera pH chapafupi ndi soda wophikira wa kukhitchini. M'phala la makilogalamu 5 kapena 6, galamu imodzi imakweza pH pafupifupi 0.05. Kachitidwe kake ndi aka. Sakanizani phala popanda asidi, dikirani mphindi 10, tungani timadzi pang'ono, tiziziritseni kufika madigiri 20 kapena 25, yezani. Ikakhala pansi pa 5.4, sungunulani magalamu 2 a soda m'kapu ya madzi ofunda, thirani, takasani bwinobwino, dikirani mphindi 5, yezaninso. Musapitirire magalamu 4 kapena 5 pa malita 20. Galamu iliyonse imawonjezera sodium pafupifupi mamiligalamu 14 pa lita, ndipo akachuluka mowa umayamba kumveka mchere. Choko cha calcium carbonate chimene malangizo akale amatchula sichisungunuka bwino m'phala, chambiri chimangokhala pansi, ndiye musachidalire. Soda asalowe m'madzi otsukuluzira, ndi wa m'phala mokha.

Poyeza samalani ziwiri. Timadzi totentha timaonetsa nambala yotsika ndi 0.2 kapena 0.3 kusiyana ndi tozizira, komanso kutenthako kumaononga nsonga ya mita. Timapepala toyezera pH timadetsedwa ndi madzi akuda mpaka osawerengeka bwino.

Gypsum muchotseni kapena mumuchepetse kwambiri. Sulphate wake amanola kuwawa, zimene timazifuna mu IPA, mowa wa hops wambiri, koma osati pamene pali kale zokazinga. M'malo mwake thirani calcium chloride magalamu 3, amene amafewetsa kakomedwe.

Kuuma kwa mkamwa kuja ndi tannin wa m'mankhusu. Amasungunuka kwambiri madzi otsukuluzira akadutsa madigiri 77, pH yake ikadutsa 6, kapena mukapitiriza kutsukuluza mpaka zotuluka zitatsika pansi pa 1.010. Madigiri 82 ndi ambiri, khalani pa 75. Ndipo mankhusu opserera amene mwawagaya kukhala ufa amadutsa m'maso a thumba, n'kukawira ola lathunthu mumphika pamodzi ndi hops.

Kwa amene ali kumudzi kwathu ndipo amatunga pamjigo: ngati madzi anu amasiya zoyera zolimba mkati mwa ketulo, ali ndi bicarbonate wambiri, ndipo nthawi zambiri amafulula stout bwino popanda kuthiramo kalikonse, pomwe mowa woyera amauononga. Chowopsa pamenepo ndi ayironi. Madzi amene amafiira akagona mu ndowa amapatsa mowa kakomedwe ka chitsulo, ndipo zokazinga sizibisa zimenezo. A pampopi ali ndi chlorine, amene amabweretsa fungo la mankhwala. Theka la piritsi la Campden limachotsa chlorine m'malita 35 mpaka 40.

Tsopano za mowa uli m'chigubuwo. Musautaye. Yesani kaye m'tambula: sungunulani galamu imodzi ya soda m'mamililita 100 a madzi, tungani mamililita 100 a mowa, donthezeranimo mililita imodzi, lawani, onjezerani ina, mpaka zitatu. Mililita iliyonse m'tambulamo ikufanana ndi magalamu 2 a soda m'chigubu cha malita 20. Ngati pa ziwiri kuwawasa kwazilala, mwadziwa muyeso. Pothira m'chigubu muthire pang'onopang'ono chifukwa mowa umafufuma. Phulusalo soda salichotsa, koma lactose, shuga wa mu mkaka, amalibisa ndithu: magalamu 300 mpaka 400 owiritsidwa m'theka la lita la madzi, athiridwe tsiku lothira m'mabotolo. Yisiti ya mowa sidya shuga ameneyu, ndiye amatsala n'kutsekemeretsa, monga mu Castle Milk Stout. Shuga wamba wopangira mpweya m'botolo akhale magalamu 90 mpaka 100 okha, chifukwa mpweya wambiri umawonjezera kuluma. Kenako mabotolo akhale masabata 6 mpaka 8, ndipo pomwa asazizire kwambiri, madigiri 10 mpaka 12.

Kambuzi:

Zikomo kwambiri a Mfuluzi ndi Mayi Thovu. Ndayesa za m'tambula zija, pa mamililita awiri kuwawasa kwachepa ndithu, phulusa lilipobe. Lactose ndigula.

Ndifunsenso ziwiri. Ndinamva kuti ena amaviika zokazinga m'madzi ozizira usiku wonse. Kodi zimenezi zikanandipulumutsa? Chinanso, mlamu wanga ku Lilongwe akufuna kuyamba, koma kumutumizira matumba asanu a chimera chosiyanasiyana pa basi ndi ndalama. Angathe kukazinga yekha pale malt, kapenanso chimera cha mapira chathu chomwechi?

Nsefa:

Achimwene, kuviika m'madzi ozizira kumagwira ntchito, koma mudziwe chimene mukugula ndi chimene mukutaya.

Kachitidwe kake: phwanyani njerezo, muike m'botolo lalikulu kapena m'poto, muthire madzi ozizira opanda chlorine malita 2 pa magalamu 500 aliwonse. Vundikirani, zikhale maola 12 mpaka 24. Nyengo yotentha ngati ya October muike m'firiji, chifukwa tizilombo ta pa njere tikapeza madzi ofunda tsiku lathunthu timayamba kusasitsa. Sefani pansalu yoyera, musafinye mwamphamvu, mudzapeza pafupifupi lita imodzi ndi theka ya madzi akuda. Muwathire mumphika kutatsala mphindi 5 kapena 10 kuti muzimitse moto. Osawathira m'chigubu osawiritsa. Madzi ozizira sakoka tannin wambiri kapena kupserera, koma sakokanso mtundu wonse, ndiye onjezerani njere ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, ngakhale theka, pa muyeso wanu wa nthawi zonse. Lita ndi theka limenelo mulichotse pa madzi otsukuluzira, apo ayi mowa usungunuka.

Njira yapakati ndi kuthira zokazinga m'phala kutatsala mphindi 10 kapena 15 kuti muzule thumba. Zimatheka chifukwa njere zokazinga zilibe ma enzyme, moto unawapha kale, ndipo sitachi yotsalamo ndi yochepa, choncho sizifuna ola lathunthu.

Apa pali msampha umene umakola anthu ambiri. Mukachotsa zokazinga m'phala, phalalo lasanduka la mowa woyera. Mukathiranso soda chifukwa choti mukufulula stout, pH ikwera kufika 5.8 kapena kupitirira, ndipo tannin amene mumamuthawa mumukoka m'mankhusu a pale malt. Sankhani chimodzi. Zokazinga zili m'phala, soda akhoza kufunika. Zokazinga zili padera, madzi anu a RO ndi calcium chloride pang'ono akwanira, mwinanso ndi kadontho ka asidi.

Si zonse zimene zimaviikidwa padera. Crystal, Special B ya Dingemans, chocolate, black ndi balere wokazinga zimatheka, ngakhale kwa ofulula ndi malt extract, shuga wa chimera wogula wokonza kale: m'kathumba, madzi a madigiri 65 mpaka 70, mphindi 20 kapena 30, osawiritsa njere. Koma amber, brown ndi biscuit malt zili ndi sitachi yambiri yosasandulika. Zimenezi zilowe m'phala limodzi ndi pale malt, apo ayi mowa utuluka wachifunga ndipo suchedwa kuonongeka.

Maganizo anga ndi akuti dry stout yoviikidwa kozizira imafatsa mopitirira, imakhala ngati brown ale yopakidwa utoto. Kaluma kaja ka balere wokazinga ndi mbali ya mowawo, muyeso ukakhala wolondola. Njira yozizira ndi ya pamene mukufuna mtundu wopanda kupserera, monga schwarzbier, lager yakuda ya ku Germany, kapena black IPA. Ndipo pamenepo pali chidule: chimera chokonola. Weyermann wa ku Bamberg amapanga Carafa Special I, II ndi III, zimene amachotsa mankhusu ambiri asanakazinge. Onetsetsani mawu akuti Special, chifukwa Carafa wamba ali ndi mankhusu ake onse. Briess ali ndi Blackprinz komanso Midnight Wheat, ya tirigu, mbewu imene ilibe mankhusu n'kale. Magalamu 150 mpaka 250 a Carafa Special II pa malita 20 amadetsa lager bwinobwino.

Pa nkhani ya blender ndisiyana pang'ono ndi Mayi Thovu. Kugaya balere wokazinga kukhala ufa si kulakwa pakokha. Ambiri ofulula Irish stout amachita dala kuti atulutse mtundu ndi fungo lonse. Koma ukagaya chonchi umachepetsa muyeso, ndipo umafunika sefa yogwira ufawo, kaya mankhusu a chimera chinacho mu mash tun (chidebe choviikiramo phala) kapena thumba la maso ang'ono kwambiri. Njere zokazinga ndi zazing'ono komanso zophwanyika msanga, pa chigayo cha ma roller zina zimadutsa zathunthu, ndiye muziziyang'ana padera. Kwa thumba wamba, blender ingogunda katatu kapena kanayi, njere zisweke m'zidutswa.

Chiwaya:

Za mlamu wanu, a Kambuzi. Akhoza kukazinga yekha mpaka pa amber ndi brown, ndipo zimatuluka bwino. Chocolate ndi black ndi zovuta pakhomo, ndipo polingalira kuti pa malita 20 pamangofunika magalamu 300 mpaka 500, kilogalamu imodzi ya balere wokazinga ndi ina ya chocolate malt zimufikitsa kutali. Njere zosaphwanya, m'chigubu chotseka bwino, pamalo ouma ndi ozizira, zimatha chaka osasintha kwenikweni. Zophwanya kale zigwiritsidwe ntchito m'masabata ochepa.

Mu uvuni achite motere. Pale malt yosaphwanya ayale pa thireyi, kuchindikala kwake kusapitirire masentimita 2. Uvuni itenthe kaye. Pa madigiri 175, mphindi 30 mpaka 45 zimapereka chofanana ndi amber kapena biscuit, cha fungo la buledi wowotcha. Pa madigiri 200, mphindi 45 mpaka ola, chimafika pa brown. Azitakasa mphindi 10 zilizonse chifukwa m'mbali ndi kumbuyo kwa uvuni kumapsa msanga. Mtundu asauyeze poyang'ana mankhusu, amanamiza. Adule njere zingapo pakati ndi mpeni, ayang'ane mkati: yosakazinga imakhala yoyera mbee, amber imakhala ngati kirimu wodera, brown imakhala yabulawuni mpaka pakati. Manambala a pa uvuni zambiri sanena zoona, ndiye themomita yoima payokha mkatimo ndi yofunika.

Akaphula, aziziritse msanga pa lichero, kenako aike m'thumba la pepala masabata awiri asanafulule. Chimera chongokazingidwa kumene chimakhala ndi fungo la utsi lokanda, limene limauluka pang'onopang'ono. M'pulasitiki yotseka silituluka.

Chifukwa chimene chakuda chimavutira n'chakuti pakati pa chocolate malt ndi khala pali mphindi zochepa kwambiri. Kufakitale dramu imazungulira osaima, wokazinga amatunga njere pafupipafupi n'kumazidula, ndipo ikakwana nthawi amawaza madzi mkati kuti kupsa kuime pomwepo. Pa thireyi zapansi zimayaka zapamwamba zisanade, utsi umadzaza nyumba, ndipo njere zikhoza kugwira moto. Pa mbaula ndi chiwaya ndiye kunja kumapserera mkati muli mbee. Wofunitsitsa achitire panja, magalamu 200 okha pa ulendo, mu kadramu kozungulira kokazingira khofi kapena mtedza.

Brown malt yopanga yekhayo ili ndi mowa wake woyenera, porter. Pa malita 20: pale malt makilogalamu 4, brown magalamu 400, crystal 60 magalamu 350, chocolate magalamu 250. Imayamba cha pa 1.052, mtundu cha pa 26 SRM. Mwa zapadera zonse, zotumiza pa basi ndi crystal ndi chocolate basi.

Mapira nawo si nthabwala. Ku Nigeria boma litaletsa kuitanitsa chimera cha balere mu 1988, mafakitale anatembenukira ku mapira, ndipo Guinness ya kumeneko imafululidwa ndi mapira mpaka lero. Njere ya mapira ikapunthidwa simakhala ndi mankhusu ngati a balere, choncho ikakazingidwa sikanda kwambiri. Asankhe mapira oyera, chifukwa ena ofiira ndi abulawuni, aja mbalame sizikonda, ali ndi tannin wambiri amene angabweretse kuuma mkamwa komwe mwadandaula nako. Chimera chikauma achifikise ndi manja ndi kuchipeta mpaka mizu ndi timphukira zonse zitachoka. Mphukira za mapira zili ndi dhurrin, amene amatulutsa cyanide, komanso zimawawa. Chimera chonunkha chuku achitaye, kukazinga sikuchotsa poizoni wa chuku. Njere za mapira ndi mawere ndi zazing'ono ndipo zimada msanga, ndiye ayambe kudula ndi kuyang'ana pakangotha mphindi 15. Ayambire pa 5 peresenti ya chimera chonse, chotsalacho chikhale pale malt kuti ma enzyme akwane, popeza sitachi ya mapira imafuna kutentha kwambiri kuposa ya balere kuti ipse.

Mfuluzi:

Ndiwonjezere kamodzi pa mowa uli m'chigubuwo. Ngati lactose sakukwanira kubisa phulusa, fululani malita 10 a mowa wopanda chokazinga chilichonse, pale malt makilogalamu 2.3 ndi crystal magalamu 250, hops wochepa kwambiri, yisiti yomweyo ya S-04. Yisiti ikamaliza ntchito yake, sakanizani magawo awiri a stout ndi gawo limodzi la watsopanoyo, zokazinga zitsika kufika cha pa 12 peresenti. Yesani kaye m'tambula ndi sirinji musanasakanize zigubu, ndipo posamutsa payipi ifike pansi pa chigubu kuti mowa usathovoke ndi kumwa mpweya wa kunja. Stout ikuyembekezerayo ikhale yotseka ndi airlock yake (kotulutsira mpweya osalowetsa wa kunja), pamalo osadutsa madigiri 20. Masabata awiri kapena atatu owonjezera pa yisiti saiononga.